Mayi anga amamwa mankhwala a BP mutu ukawawa basi, akuti thupi lawo amalidziwa okha

Funso lomwe ndalandira ndi ili, ndangolifupikitsako pang'ono: "Adokotala, mayi anga ali ndi zaka 63, anawapeza ndi BP zaka zitatu zapitazo patangopita miyezi yochepa bambo atamwalira. Mankhwala amakalandira ndithu koma amamwa tsiku lomwe mutu ukuwawa kapena akumva chizungulire, masiku ena onse akuti ali bwinobwino. Akuti BP yawo ndi ya maganizo, ikakwera amaimva, ndipo palibe angadziwe thupi lawo kuposa iwo eni. Mayiwa sukulu anapita, anali aphunzitsi. Ndakalipa mpaka ndatopa. Nchifukwa chani anthu amamva matenda mwanjira yawoyawo chonchi, nanga ine nditani?"

Achemwali, pepani ndi imfa ya bambo, komanso zikomo kuti mayi simunawatayilire. Ndiyambe ndi kukuchotsani nkhawa imodzi: mayi anu sakuchita makani ndipo si umbuli ayi. Zomwe akuchitazo ndazionapo mwa anthu ambirimbiri, ena mwa iwo manesi amene amayeza anzawo BP tsiku ndi tsiku koma awo mankhwala amadumphitsa. Mayi akutsatira nzeru yomwe yawasunga zaka 60 zonsezi, vuto ndi loti BP ndi amodzi mwa matenda ochepa omwe nzeru imeneyoyo siigwira.

Munthu aliyense akangomva chachilendo mthupi, asanafike nkomwe kwa ife, mmutu mwake amakhala wayamba kale kuluka nkhani. Ichi nchani? Chabwera bwanji? Chitenga nthawi yaitali bwanji? Chindipanga chani? Nanga chingathe ndi chani? Katswiri wina wa za maganizo waku America, Howard Leventhal, ndi anzake analemba za zimenezi cha mma 1980 ndipo anaona kuti zomwe wodwala amachita, kumwa mankhwala kaya kusiya, kupita kuchipatala kaya kudikira, zimachokera pa mayankho ake a mafunso amenewa osati pa zomwe dokotala walemba mbuku. Nde tamverani nkhani ya mayi anu mmene ilili. Dzina lake ndi BP. Chinayambitsa ndi maganizo a imfa ya amuna awo. Imabwera nkupita, ikabwera mutu umawawa. Mankhwala amaitsitsa. Mukailandira nkhani imeneyi mmene ilili, kumwa mankhwala tsiku loti mutu sukuwawa nkosamveka olo pang'ono, ndi chimodzimodzi kumwa panado ulibe pokuwawa. Mayi akuganiza molongosoka ndithu, pomwe pakhota ndi poyambira nkhaniyo.

Nanga nkhani yotere imachokera kuti? Taganizani matenda onse omwe munadwalapo chibadwire. Chimfine, kutsegula mmimba, dzino, chithupsa, malungo. Onsewa amabwera mowonekera, umamva kupweteka kapena kuphwanya mthupi, umagona, umamwa mankhwala olo osamwa, pakapita masiku umadzuka nkumayenda. Thupi limatiphunzitsa lamulo limodzi tili ana: ukadwala umamva, ukasiya kumva wachira. Ndipo lamuloli si lopusa, nthawi zambiri limakhoza. Mu 1961 dokotala wina dzina lake Kerr White ndi anzake anawerengetsa, pogwiritsa ntchito ziwerengero zaku America ndi ku Britain, kuti mwa akuluakulu 1000 pa mwezi umodzi, pafupifupi 750 amamva kudwala kapena kuvulala penapake, koma okaonana ndi dokotala ndi 250, ogonekedwa mchipatala 9 okha. Ena anabwereza kuwerengaku mu 2001 ndipo sizinasiyane kwenikweni. Ndekuti matenda ambiri padziko pano amaweruzidwa pakhomo, ndi mwini thupi, mkazi wake, mayi ake, mnzake, ndipo ambiri mwa anthuwa amachira. Ine sindinyoza luso limeneli ayi, anthu onse atamabwera kuchipatala ndi kalikonse komwe amva palibe chipatala chingakwanitse.

Koma BP sinamve za lamulo limeneli. Ndipo dzina lomwe timaitchula pa Chichewa limasocheretsanso, timati kuthamanga kwa magazi, nde munthu amaona ngati magazi akuthamanga liwiro mthupi, mtima uli thi thi thi, ndipo chinthu chothamanga choncho ungalephere bwanji kuchimva? Zoona zake nzakuti magazi sathamanga kuposa kale, amapanikiza makoma a mitsempha mwamphamvu kuposa muyezo, chifukwa timitsempha ting'onoting'ono tafinyika kapena mitsempha ikuluikulu yauma ndi ukalamba, pena impso zikusunga mchere ndi madzi ochuluka. Kupanikizaku thupi lilibe poti lizikumvera ngati mmene khungu limamvera moto. Munthu atha kuyenda ndi 170/100 zaka zisanu akugwira ntchito, akuseka, akugona tulo tabwino, uku mkati mnofu wa mtima ukukhuthala, tosefera ta mu impso tikufa kamodzikamodzi, timitsempha ta mmaso ndi ta mu ubongo tikuwonongeka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati akuluakulu oposa 1 biliyoni padziko lonse ali ndi BP yokwera, kutanthauza 140/90 kupita mtsogolo, ndipo pafupifupi theka la iwo sadziwa nkomwe kuti ali nayo. Ikanakhala yomveka mthupi sibwenzi anthu ochuluka choncho akuyenda nayo osadziwa.

Mwina muti, koma mayi akuti amaimva, nde akunama? Ayi sakunama, mutu umawawadi. Apa mpomwe ndikufuna tikhalitsepo pang'ono chifukwa mpomwe anthu ambiri amakodwa. Mutu kuwawa ndi chinthu chomwe pafupifupi munthu aliyense amachimva, kusagona mokwanira, kutopa, ludzu, nkhawa, maso ofuna magalasi, khosi louma, zonsezi zimawawitsa mutu. Munthu asanapezeke ndi BP amangoti mutu ukundiwawa basi. Akangouzidwa kuti muli ndi BP, mutu womwewo umapeza dzina latsopano, umasanduka "BP yakwera". Kenako amamwa piritsi, pakapita maola atatu mutu wasiya, poti mutu wambiri umasiya wokha olo usamwe kanthu, ndiye ulemu wonse umapita kwa piritsi lija. Umboni woyamba umenewo. Tsiku lina mutu ukuwawa apita kukayezetsa, makina nkuonetsa 165/100, umboni wachiwiri, "mwaona, ndimanena ine". Koma chomwe sakudziwa nchoti ululu pawokha umakweza BP kwa kanthawi, mantha nawonso amakweza, komanso chachikulu, dzulo ndi dzana pomwe mutu sumawawa palibe anayeza, mwina inali 165/100 yomweyo. Munthu amayeza tsiku lomwe akumva kudwala lokha, nde umboni wonse omwe amasonkhanitsa umagwirizana ndi nkhani yake, wotsutsa sapezana nawo. BP imawawitsadi mutu ikakwera moopsa, cha mma 180/120 kupita mtsogolo, koma apo nde zafika poti munthu athamangire kuchipatala, sizoti nkumadikira chizindikiro chimenecho tsiku ndi tsiku.

Gulu la a Leventhal lomwelija linafunsa odwala BP ku America, zotsatira zake zinatuluka mu 1985, ndipo zomwe anapeza zimandikhudza nthawi zonse ndikazikumbukira. Ambiri anavomera kuti anthu sangadziwe BP yawo ikakwera popanda kuyeza. Koma anthu omwewo atafunsidwa za iwo eni, ambiri anati ine ndimadziwa yanga ikakwera. Mwaona? Uthenga wa kuchipatala anaumva ndipo anauloweza, atha kuuphunzitsa ena, koma ukafika pa thupi lawo umagonja kwa zomwe akumva. Ndichifukwa chake kuwauza mayi kachikhumi kuti BP siimveka sikusintha kanthu, iwo akuvomera kuti kwa anthu ena siimveka.

Tsopano za maganizo. Apa ndikupemphani kuti musawatsutse mayi mwachangu, chifukwa mbali ina akunena zoona. Munthu akakhala ndi nkhawa kapena chisoni chachikulu thupi limatulutsa michere yomwe imagunditsa mtima mwachangu nkufinya mitsempha, BP imakweradi, ndipo kukhala pa mavuto nthawi yaitali, kusagona, kumathandizira. Chomwe sichoona nchakuti maganizo akatha BP imatha nayo. Pa zaka 63 nthawi zambiri pamakhala zinthu zingapo pamodzi, ukalamba wa mitsempha, kumtundu, mchere, kunenepa, impso, ndipo nkutheka kuti BP ya mayi inayamba kale bambo ali moyo, inangopezeka nthawi imeneyo chifukwa ndi pomwe anafooka nkupita kukayezedwa. Kaganizidwe aka si ka mayi anu okha. Wofufuza wina, Dan Blumhagen, anacheza ndi odwala BP mumzinda wa Seattle ku America nkulemba zomwe anapeza mu 1980, ambiri ankamva kuti nthendayi ndi kupanikizika kwa mmaganizo chifukwa mu dzina lake la Chingerezi, hypertension, muli mawu otanthauza choncho, ndipo nawonso ankaona ngati mtima ukakhala mmalo nthenda yapita. Anthu a zinenero zosiyana, dzina losiyana, koma njira yomwe nzeru zawo zinadutsa ndi imodzi.

Palinso china chozama pansi pa mawu oti "BP yanga ndi ya maganizo" chomwe ife achipatala timachiphonya kawirikawiri. Ife timayankha funso loti nthenda imagwira bwanji ntchito mthupi. Wodwala amakhala ndi funso lina: chifukwa chani ine, chifukwa chani pano? Funso limenelo makina sayankha, nde munthu amaliyankha ndi moyo wake, imfa yomwe yamugwera, ntchito yomwe inatha, mwana yemwe akumuvutitsa. Mayi akamati ndi maganizo, mwina akukuuzani kuti ndikulirabe amuna anga. Inu mukayankha kuti "ayi amayi, ndi mitsempha", iwo amamva ngati mwati chisoni chawo si kanthu. Nde mvetserani kaye. Ndipo ngati sakugona, sakudya bwino, zomwe ankakonda sazifunanso, amangokhala phee kwa masabata, zimenezo mukazinene kuchipatala pazokha, chifukwa matenda a kukhumudwa kwambiri alipo, amachizika, ndipo mwa anthu ambiri amatulukira mthupi ngati mutu, kutopa, mtima kugunda, kuwawa apa ndi apo.

Ndisakunamizeni ngati kuti ife madokotala tinabadwa tikudziwa. Zaka zosakwana 100 zapitazo madokotala ambiri ankakhulupirira kuti BP yokwera mwa munthu wachikulire ndi yofunikira kuti magazi adutse mmitsempha youma, ndipo kuitsitsa nkumuika munthu pangozi. Pulezidenti waku America Franklin Roosevelt anakhala ndi BP yokwera kwa zaka, akuonedwa ndi madokotala apamwamba, ndipo pa 12 April 1945 anadandaula mutu woopsa, mtsempha unali utaphulika mu ubongo, atamuyeza inali 300/190, anamwalira tsiku lomwelo. Umboni wogwirika woti kuitsitsa BP kumateteza munthu unabwera mu 1967 pa kafukufuku yemwe anatsogolera dokotala wina, Edward Freis, amuna 143 a BP yokwera kwambiri anagawidwa pawiri, mwa omwe sanalandire mankhwala enieni 27 anakumana ndi zoopsa monga sitiroko, mtima kulephera kapena imfa, mwa omwe ankamwa mankhwala 2 okha. Chomwe chinasintha maganizo a madokotala si kukalipiridwa, anaona manambala ndi maso awo. Ndibwereranso pamenepa chifukwa mayi anu nawonso njira yake ndi yomweyo.

Lamulo lija loti chosapweteka si nthenda silipha ndi BP yokha. Chotupa cha khansa ya mmawere poyamba nthawi zambiri sichipweteka, nde mayi amachikhudza nkunena kuti bola sichikuwawa, nkudikira chaka. Shuga imatha kukhala mthupi zaka munthu akungoti ndimamwa madzi kwambiri masiku ano. Wa TB amamva bwino pakatha masabata angapo nkusiya mankhwala a miyezi 6 ali pakati. Kwinaku kuli vuto lotembenuza, dzina limodzi kumeza matenda ambiri: thupi likatentha nkuphwanya timati malungo, pomwe kutentha thupi kumabwera ndi chibayo, tayifodi, matenda a mchikhodzodzo, oumitsa khosi ndi ena ambiri, nchifukwa chake kuyambira 2010 WHO inalangiza kuti munthu ayezedwe kaye magazi asanapatsidwe mankhwala a malungo. Kwa mayi anu izi zikutanthauza kuti dzina la BP litha kuphimba china. Tsiku lina adzamva chizungulire chochokera ku magazi ochepa kapena shuga, kapena BP yotsika kwambiri, nkungoti ndi BP yanga ija, nkumwa piritsi loitsitsanso. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri.

Nde mutani? Kukalipa siyani kaye, mwaona nokha kuti sikukupindula, ndipo kumaphunzitsa munthu kubisa, adzayamba kukuuzani kuti ndamwa pomwe sanamwe. Khalani nawo pansi tsiku lomwe palibe mkangano ndipo afunseni ngati munthu wofunadi kudziwa. Arthur Kleinman, dokotala wa ku yunivesite ya Harvard ku America, analangiza madokotala kale mma 1970 kuti azifunsa wodwala mafunso ngati awa: nthendayi mumaitcha chani, mukuganiza inayamba chifukwa chani, imakuchitani chani mthupi, chomwe mumaopa kwambiri nchani, mukuyembekeza kuti mankhwala akuchitireni chani. Inunso mutha kufunsa, ndipo muonjezere ili: amayi, mankhwalawa mukamwa mumamva bwanji? Funso limeneli lokha limatsegula zambiri. Ndikukumbukira agogo ena amene tinalimbana nawo miyezi BP osatsika, tsiku lomwe ndinafunsa funso limeneli anandiuza motsitsa mawu kuti piritsi la mmawa limawakodzetsa pafupipafupi ndiye tsiku la ulendo kapena lopita pagulu samwa, ankachita manyazi kunena. Tinasintha mankhwala, nkhani inathera pomwepo. Mankhwala a BP ali ndi zovuta zake zenizeni, hydrochlorothiazide amakodzetsa, amlodipine amatupitsa mapazi mwa ena, enalapril ndi captopril amabweretsa kachifuwa kouma kosatha, nifedipine pena amawawitsa mutu womwewo. Taganizani munthu amene asanamwe amamva bwino, akamwa amamva zachilendo, nkumuuza kuti izi nzokuthandizani. Mitundu ya mankhwala ilipo ingapo, wina ukavuta dokotala atha kusintha, koma sangasinthe chomwe sanauzidwe.

Ena mantha awo ndi oti thupi lizolowera, ukayamba sudzasiyanso, kapena kuti mapiritsi a tsiku ndi tsiku amaononga impso. Ngati mayi anena zimenezi afotokozereni modekha kuti mankhwalawa sachiza BP ngati mmene amachizira a malungo, amangoigwira kuti isakwere, ambiri mphamvu yake ndi ya tsiku limodzi, akatha mthupi BP imabwerera pomwe inali. Si thupi lomwe lazolowera mankhwala, nthendayo ndi yomwe sinachoke. Za impso, chomwe chimaononga impso za anthu ambiri ndi BP yosagwiridwa komanso shuga, ndipo dokotala amayeza magazi nthawi ndi nthawi kuti aone ngati mankhwala akugwirizana ndi impsozo. Kumwa lero nkusiya masiku anayi kumasiya mitsempha pa chiopsezo masiku ambiri, ndipo pali ena monga atenolol ndi propranolol omwe kuwasiya mwadzidzidzi kumatha kuthamangitsa mtima moopsa.

Chomwe ndaona chikugwira ntchito kuposa mawu anga onse ndi ichi, ndipo kwa munthu amene anali mphunzitsi ndikukhulupirira chiwafika pamtima. Pezani makina oyezera BP a pamkono wammwamba, ngati mulibe bwerekani, ndi kope. Kwa sabata imodzi kapena awiri, mmawa ndi madzulo, asanayeze mayi alembe okha mmene akumvera ndipo alosere: lero yakwera kapena ili bwino. Kenako akhale pampando mphindi zisanu osayankhula, msana wotsamira, mapazi pansi, mkono pa tebulo molingana ndi mtima, ayeze kawiri nkulemba manambala pambali pa kulosera kuja, alembenso ngati tsiku limenelo amwa mankhwala. Musawauze kuti asiye mankhwala pofuna kuyesa, ayi, azingolemba zoona. Muyezo wa pakhomo timafuna ukhale pansi pa 135/85. Inu musanene kalikonse, olo kuti mwaona. Pakutha kwa masikuwo awerenge okha ngati mmene ankachongera mayeso a ana. Nthawi zambiri mumapezeka masiku omwe analemba "ndili bwino" pambali pali 160/98, ndi ena omwe analemba "mutu" pambali pali nambala yabwinobwino. Apa simunawalande udindo wodziwa thupi lawo, mwawapatsa diso lina loonera thupi lomwelo, ndipo munthu savuta kukhulupirira zomwe walemba ndi dzanja lake.

Kope limenelo mupite nalo kuchipatala limodzi ndi mayi, ndipo chonde dokotala auzidwe zoona zake za mmene akumwera. Izi nzofunika kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Dokotala akaona BP ili pamwamba uku akuganiza kuti mankhwala akumwedwa tsiku lililonse, amaonjezera mlingo kapena kuika mtundu wina pamwamba, nde tsiku lomwe mayi adzamwe onse pamodzi BP itha kutsika kwambiri, chizungulire, kugwa, iwo nkutsimikiza kuti mankhwalawa ndi oipa. Kambiranani nawo kaye musanalowe kuti asamve ngati mwapita kukawaneneza, bwino anene okha inu muli pambali. Mupemphenso ayezedwe shuga ndi impso ngati papita chaka.

Pakadali pano, poti mayi amadalira kumva, pali zomva zina zomwe aliyense wa pakhomopo ayenera kuzidziwa ndipo zikachitika si nthawi yomwa piritsi nkugona kuti tione mawa. Kamwa kupotoka kapena nkhope kugwa mbali imodzi, mkono kapena mwendo kufooka olo kuchita dzanzi mwadzidzidzi, mawu kusamveka kapena kusokonekera, maso kuchita mdima mwadzidzidzi, mutu woopsa womwe sanaumvepo chibadwire, chifuwa kupanikiza ngati mwakhala chinthu cholemera, kubanika. Chimodzi chokha mwa izi, kuchipatala nthawi yomweyo, olo zitasiya zokha patapita mphindi khumi, chifukwa zosiya zokhazo zimatha kukhala chenjezo la sitiroko yaikulu yomwe ikubwera. Onani nthawi yomwe zayambira nkukawauza achipatala, poti komwe kuli mankhwala osungunula magazi oundana mu ubongo amaperekedwa mkati mwa maola anayi ndi theka okha, ndipo panjira musawamwetse kanthu, ngakhale madzi, chifukwa munthu wogwidwa sitiroko amatha kutsamwa.